Momwe mungagulire seva ya ofesi ndi kupeza chithandizo cha kampani yoipanga

Kotesheni ya seva ikafika pa desiki, ambiri maso amathamangira pa purosesa, memori ndi mtengo. Mzere womwe umadzasautsa patapita zaka ziwiri umakhala kumunsi, wolembedwa mwachidule: waranti ndi mtundu wa chithandizo. Makampani monga Dell, HPE ndi Lenovo amagulitsa makina pamodzi ndi lonjezo loti chipangizo chikafa adzatumiza china m'nthawi yakutiyakuti. Lonjezolo lili ndi mitengo yosiyanasiyana, ndipo silifika chimodzimodzi paliponse.

1. Dziwani njira yomwe seva idzere kuti ikupezeni

Kawirikawiri wopanga sagulitsa mwachindunji ku ofesi yaing'ono. Amapereka katundu kwa distributor wovomerezeka, iyeyo n'kupereka kwa wogulitsa yemwe mumalankhula naye. Ogulitsawa amaikidwa m'magulu malinga ndi kukula kwa malonda awo ndi maphunziro a mainjiniya awo: kwa Dell kuli Gold, Platinum ndi Titanium, kwa HPE kuli Silver, Gold ndi Platinum. Pemphani kalata yochokera kwa wopanga yotsimikiza kuti wogulitsayo ndi wololedwa, yomwe m'ma tender imatchedwa Manufacturer's Authorisation, ndipo fufuzani dzina lake pa webusaiti ya wopangayo.

Makotesheni atatu a makina amodzimodzi akasiyana kwambiri, musafulumire kuganiza zoti wina akukuberani. Pali dongosolo la deal registration: wogulitsa amene wayamba kulembetsa oda yanu kwa wopanga amapatsidwa mtengo wotsikirapo kuposa anzake. Choopa chenicheni ndi seva yotchipa yomwe inagulitsidwa kale kudziko lina kapena inagwirapo ntchito, chifukwa waranti yake imakhala m'dzina la wina, mwinanso inatha.

Ngati muli ndi makina akale, dziwaninso kogogoda. HP inagawika pawiri mu Novembala 2015, malaputopu ndi mapurinta n'kupita kwa HP Inc., maseva kwa HPE. IBM inagulitsa maseva ake a System x kwa Lenovo mu 2014.

2. Werengani dzina, kenako mzere uliwonse wa kotesheni

Pa Dell PowerEdge, R ndi yolowa mu rack (kabati yoikamo maseva mosanjikiza), T ndi yoima payokha. Pa R760, nambala 6 ikuimira m'badwo wa 16, pomwe R740 ndi ya m'badwo wa 14 womwe unatuluka mu 2017. Pa HPE ProLiant, DL ndi ya rack, ML ndi yoima, ndipo m'badwo umalembedwa kumapeto, monga Gen10 kapena Gen11. Lenovo ThinkSystem imagwiritsa ntchito SR ndi ST. Mukagula m'badwo wakale pamtengo wa watsopano, mwagula zaka zochepa za chithandizo.

Kanani kotesheni ya mzere umodzi. Chipangizo chilichonse chikhale ndi part number yake. Zomwe zimasiyidwa kuti mtengo uoneke wotsika ndi izi: power supply yachiwiri, RAID controller (chipangizo chogwirizanitsa madisiki kuti imodzi ikafa deta isatayike) yokhala ndi cache, memori yake yosungira deta kwakanthawi, yotetezedwa magetsi akathima, njanji zolowetsera mu rack, ndi laisensi ya iDRAC Enterprise (kwa Dell) kapena iLO Advanced (kwa HPE), yomwe imakulolani kuona sikirini ya seva muli kutali.

Ngati mudzaikamo Windows Server, werengani ma core (timagawo togwira ntchito mkati mwa purosesa) musanasankhe purosesa. Laisensi imalipidwa pa core, poyambira pa 16 pa seva iliyonse. Mapurosesa awiri a ma core 16 ndiye kuti 32, ndalama ya laisensi yawirikiza. Laisensi ya Standard imaloleza makina awiri a virtual (makompyuta a pulogalamu oyenda mkati mwa seva imodzi), ndipo ma CAL, malaisensi a ogwiritsa ntchito sevayo, amagulidwa padera.

3. Sankhani chithandizo molingana ndi komwe seva ikakhale

Apa ndi pofunika kudekha. ProLiant DL380 imabwera ndi waranti yolembedwa 3/3/3: zaka 3 za zipangizo, zaka 3 za ntchito yokonza, zaka 3 za injiniya kubwera pamalo, tsiku lotsatira logwira ntchito. Pamwamba pake pali zogula: HPE Tech Care ya Basic, Essential ndi Critical, kapena ProSupport ndi ProSupport Plus za Dell. Zokwererapo zimalonjeza kuyankha usana ndi usiku ndi kufika pasanathe maola 4.

Choyamba, mawu akuti response, omwe amalembedwa pa lonjezoli, amatanthauza kuyamba kuthandiza, osati kumaliza kukonza. Chachiwiri, maola amenewa amadalira mtunda kuchokera pomwe wopanga ali ndi mainjiniya ndi nkhokwe ya zipangizo. Zolembedwa m'kabuku kotsatsa zinalembedwera dziko lonse lapansi, choncho funsani wogulitsa mafunso awa ndipo ayankhe polemba:

- Kodi lonjezo la maola 4 likugwira ntchito pa adiresi yathu, kaya ndi Mzuzu, Mangochi kapena Area 4 ku Lilongwe?
- Zipangizo zosinthira zimasungidwa m'dziko muno kapena zimachokera kunja, monga ku Johannesburg?
- Zikachokera kunja, amaziombola ku MRA ndani, ndipo amalipira ndani?
- Injiniya wodzabwerayo ndi wa kampani iti?

Ngati yankho ndi loti chipangizo chimadzera pa ndege, kulipirira gulu lapamwamba kwambiri n'kutaya ndalama. Ndi bwino kutenga gulu lapakati, n'kugulako disiki imodzi ndi power supply imodzi zapadera zamtundu womwewo, zizikhala m'kabati yokiya. Zinthu ziwirizi munthu wanu wa IT angasinthe yekha seva ili chiyakire.

Chipatala, banki kapena SACCO iwonjezere mwayi wosunga disiki yowonongeka, womwe Dell amautcha Keep Your Hard Drive ndipo HPE amautcha Defective Media Retention. Popanda zimenezi, disiki yakufa imabwezedwa kwa wopanga ndi zonse zili momwemo.

Ngati bajeti ikulola, gulani zaka 5 pachiyambi pomwe. Mitengo ya chithandizo imatsata dola, ndipo yemwe anadikira kuti adzawonjezere waranti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 analipira makwacha ochuluka pa chinthu chomwecho.

4. Tsiku lolandira, musanasaine

Kutsogolo kwa seva kuli kachikwangwani kosolola. Pa Dell pamalembedwa Service Tag ya zilembo ndi manambala 7, pa HPE ndi Lenovo pali serial number. Ilembeni pa tsamba la support la wopangayo ndipo onani tsiku loyambira waranti, tsiku lothera, gulu la chithandizo ndi dziko. Seva ikakhalitsa m'nyumba yosungira katundu, waranti imapezeka itayamba kale kuwerenga. Uzani wogulitsa akonzetse tsikulo pogwiritsa ntchito invoisi yanu. Ngati pakuoneka dzina kapena dziko lina, pamafunika fomu yosinthira umwini. Musalipire ndalama yotsala izi zisanalongosoke.

Kenako sinthani pasiwedi ya iDRAC, iLO kapena XClarity Controller ya Lenovo, zipangizo za mkati mwa seva zokulolani kuiyang'anira muli kutali. Ma Dell akale ankabwera ndi root ndi calvin, zomwe aliyense wodziwa maseva amazidziwa. Musaike doko (port) la chipangizo chimenechi poyera pa intaneti, ndipo tcherani kuti chizitumiza imelo chipangizo chikayamba kudwala.

5. Magetsi ndi kutentha

Waranti silipira zowonongeka ndi mphenzi, madzi kapena magetsi obwera mwamphamvu. Ikani UPS ya mtundu wa online (yomwe magetsi a seva amadzera mwa iyo nthawi zonse) pakati pa seva ndi ESCOM kapena jenereta. Maseva ambiri amapangidwira mpweya wa pakati pa madigiri 10 ndi 35, ndipo log yake (kaundula wa zochitika mu seva) imalemba kutentha konse, moti injiniya adzadziwa ngati chipinda chinkatentha mu Okutobala.

6. Firmware

Mu Novembala 2019 HPE inachenjeza kuti madisiki ena a SSD a mtundu wa SAS adzafa akakwanitsa maola 32,768 ali oyaka, pafupifupi zaka zitatu ndi miyezi 9, ngati sanaikidwe firmware (pulogalamu ya mkati mwa chipangizo) ya HPD8. Madisiki oyatsidwa tsiku limodzi akanafera limodzi, ndipo RAID sikanapulumutsa kanthu. N'chifukwa chake muyenera kulembetsa imelo yanu ku machenjezo a wopanga.

Kuika firmware yatsopano kawiri pachaka n'kokwanira, pokhapokha patabwera chenjezo. HPE imasonkhanitsa firmware ndi ma driver mu Service Pack for ProLiant, ndipo mu Febuluwale 2014 zina mwa izi zinayamba kuperekedwa kwa okhawo omwe ali ndi waranti kapena kontrakiti. Pa Dell gwiritsani ntchito Lifecycle Controller, pulogalamu ya mkati mwa seva yoikira firmware. Yambani ndi backup, ndipo tsimikizani kuti batire la UPS ladzaza, chifukwa magetsi akathima BIOS (firmware yoyatsira seva) ili mkati molembedwa, seva ikhoza kukana kuyaka.

7. Ikawonongeka

Tengani log musanaimbe foni: SupportAssist Collection kuchokera mu iDRAC, kapena Active Health System kuchokera mu iLO. Popanda log, chinthu choyamba chomwe angakuuzeni ndi kukaitenga, tsiku n'kutha. Perekani Service Tag, uthenga wa vuto monga walembedwera, ndi kukula kwa vutolo: seva yaimiratu kapena ikuyenda motsimphina. Lembani nambala ya case (nambala ya dandaulo lanu kwa wopanga), ndipo ngakhale wogulitsa atakutsegulirani, muipemphe.

Disiki ikayaka nyali ya chikasu, yatsani nyali yoizindikiritsa kudzera mu iDRAC kapena iLO musanasolole. Pa RAID 5, kusolola disiki yamoyo pomwe ina yafa kumagwetsa deta yonse. Mukaika yatsopano, isiyeni imalize rebuild (kubwezeretsa deta pa disiki yatsopano), yomwe pa madisiki akuluakulu imatha kutenga tsiku lathunthu. Chipangizo chakufacho chibwezeni m'bokosi lomwe chatsopano chabwerera, m'masiku omwe akuuzani, apo ayi adzakulipiritsani. Memori kapena disiki yogula kwina sikhala pa waranti, ndipo pa ProLiant madisiki ena achilendo amachititsa mafani kuthamanga ndi phokoso usana ndi usiku, popeza iLO imalephera kuwerenga kutentha kwake.

Lembani pa kalendala ya ofesi tsiku lothera waranti, ndipo pemphani mtengo wowonjezera kukadali masiku 90. Kontrakiti ikadukiza, wopanga akhoza kufuna kuyamba wayendera makinawo kapena kulipiritsa ndalama yobwezeretsera asanailandirenso.