Momwe mungaunikire boti lolondera lakale musanapereke ndalama

Maboti olondera omwe adagwira kale ntchito amafika pamsika m'njira zingapo kuno kwathu. Ena amagulitsidwa pa okushoni nthambi za boma zikamachotsa katundu wakale, ena amasiyidwa ndi mabungwe omwe ntchito zawo za m'mbali mwa nyanja zatha, ndipo ena amabwera pa ngolo yokokedwa ndi galimoto kuchokera ku South Africa. Omwe amawafuna kwambiri ndi eni malo ogona alendo ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay, oweta nsomba m'makhola a panyanja omwe akutopa ndi akuba a usiku, komanso magulu oyang'anira usodzi omwe amalimbana ndi maukonde oletsedwa. Aliyense mwa amenewa ayenera kudziwa kuti boti lolondera silikalamba ngati boti la munthu mmodzi. Limayendetsedwa ndi anthu ambiri omwe si eni ake, limakwezedwa pamchenga mothamanga, limagundana ndi maboti a asodzi pomwe olondera akufuna kukweramo, ndipo injini yake imatha maola ochuluka ikungolira pamalo amodzi. Utoto watsopano umabisa zonsezi, n'chifukwa chake boti lopakidwa posachedwa liyenera kuunikidwa mosamala kuposa lothimbirira.

Yambani ndi mapepala musanawononge ndalama ya ulendo wa ku Monkey Bay kapena kwina kulikonse. Funsani chiphaso cha kalembera wa botilo chochokera ku nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, ndipo mukafika pamalopo yerekezerani nambala zolembedwa papepala ndi zomwe zili pa thupi la boti komanso pa chitsulo chomangira injini. Nambala yopalidwa kapena kachitsulo kake kochotsedwa ndi chifukwa chokwanira chobwerera kwanu, pakuti injini za maboti zimabedwa kawirikawiri m'madoko athu, ndipo wogula ndiye amakagona kupolisi mwini wake akaizindikira. Ngati botilo linali la boma, pakhale kalata yosonyeza kuti lidachotsedwa m'kaundula wa katundu wa boma motsata ndondomeko, pamodzi ndi lisiti la okushoniyo. Ngati lidachokera kunja, pakhale mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho udalipiridwa pa boti, pa injini ndi pa ngolo yake. Pali anyamata ena ozungulira m'maokushoni omwe amakuuzani kuti mapepala abwera sabata yamawa, inu mungopereka kaye ya chikole. Amenewo muwathokoze mwaulemu ndipo ndalama yanu ikhalebe m'thumba.

Kachiwiri, boti liyenera kutulutsidwa m'madzi. Wogulitsa akakana, kapena akamanena kuti palibe anthu okoka, lipirani nokha anyamata a padoko, chifukwa ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe mungapeze kunsi. Likatuluka, kwezani mutu wake, tsegulani chotsekera cha kabowo kotulutsira madzi kumbuyo, ndipo muyang'ane zomwe zikutuluka. Madzi pang'ono si nkhani, koma akamangotuluka osaleka ndiye kuti siponji yoyandamitsa boti, yomwe ili pansi pa poponda, idamwa madzi, ndipo boti lotero limalemera, limadya mafuta ambiri komanso silingakupulumutseni likadzaza. Pa boti la faiba yang'anani matuza, ming'alu yotuluka pamalo amodzi kupita mbali zonse, ndi msana wa pansi womwe mchenga umadya mpaka ulusi wa faibayo kuonekera. Pa boti la aluminiyamu tsatirani mizere yonse yowotcherera, makamaka m'makona a kumbuyo, ndipo musanyoze ufa woyera kapena timabowo tating'ono, chifukwa ndi momwe chitsulo chimenechi chimadyekera. Funsaninso utoto womwe adapaka kunsi, popeza utoto wokhala ndi kopa umadya aluminiyamu. Ngati ndi boti lokhala ndi machubu a mpweya m'mbali, apopeni mokwanira, pakani madzi a sopo m'misoko ndi pa mavavu, kenaka muwasiye usiku wonse kuti muone ngati m'mawa adzakhale akadali olimba.

Tsopano tifike pa khoma la kumbuyo lomwe injini imamangidwapo, lomwe amisiri a maboti amalitcha transom. Apa ndi pomwe ndikupemphani kuti muchedwe, ngakhale wogulitsa ayambe kuyang'ana wotchi. Pa maboti ambiri a faiba khoma limeneli lili ndi thabwa la pulayi mkati, lokutidwa ndi faiba mbali zonse ziwiri. Bowo lililonse lomwe lidabooledwapo, kaya la mabawuti a injini, kaya la masikuluwu a makwerero kapena a chida choyezera kuya kwa madzi, ndi khomo la madzi ngati silidamatidwe bwino. Boti lolondera limakhala ndi mabowo otere ambiri chifukwa injini zimasinthidwasinthidwa ndipo zida zimamangidwa ndi kumasulidwa nthawi ndi nthawi. Madzi akalowa, thabwalo limawola mwakachetechete kunja kukuwala bwinobwino.

Boti lomwe ndidagula zaka zapitazo linali ndi chitsulo chonyezimira chomangidwa pakhoma limeneli, ndipo wogulitsayo adafotokoza mosadodoma kuti maboti onse olondera amalimbitsidwa chotero kuti anyamule injini zazikulu. Padoko, madzi ali bata, zonse zinkaoneka zolongosoka. Mwera utayamba, mafunde akumenya pansi, injini idayamba kugwedera ndipo mng'alu udatseguka pakona pomwe khomalo limakumana ndi mbali ya boti. Mmisiri atadula faiba ya mkati, thabwa lomwe lidatuluka linali ngati gaga wonyowa, loti umalitapa ndi dzanja. Chitsulo chija chinali chitaikidwa kuti mabawuti asamire m'thabwa lowolalo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Pendeketsani injini m'mwamba, wina akanikize mwendo wa injiniyo ndi thupi lake lonse ndi kuusiya mobwerezabwereza, inu mutagwada pambali maso ali pakhomalo. Khoma labwino silisuntha ngakhale pang'ono, boti lonse ndilo limagwedezeka. Mukaona likupindika, kapena mpata ukutseguka ndi kutsekeka pakati pa khoma ndi chomangira injini, thabwalo lidatha kale. Kenaka tengani chigwiriro cha sikuludiraiva ndi kugogoda khoma lonse pang'onopang'ono kuyambira m'mwamba momwe nthawi zambiri mumakhala mouma, kuti khutu lizolowere kulira kwa malo abwino. Malo olimba amalira mokweza ndi mwachidule, pomwe malo owola amalira mogonthera. Yang'anani mawashala a mkati ngati adalowa m'faiba, ndiponso mizere yofiirira yotsika kuchokera pa mabawuti. Chomaliza, chomwe ogulitsa ambiri sachikonda, ndi kupempha kumasula bawuti imodzi ya m'munsi kapena sikuluwu ya chida chilichonse chomwe chili pansi pa mzere wa madzi, n'kulowetsa kawaya kopinda m'bowomo. Kakatuluka ndi tizidutswa touma totuwa, zili bwino. Kakatuluka ndi zakuda zonyowa, kapena madzi ofiirira akayamba kudontha, mtengo womwe munakambirana uyenera kuyambiranso. Wokana kuti mumasule bawuti imodzi yokha, pomwe mwalonjeza kuimata bwino poibwezera, akudziwa chomwe chili mkatimo.

Kukonza khoma limeneli n'kotheka, koma si ntchito ya masana amodzi. Injini imatsitsidwa, faiba ya mkati imadulidwa, thabwa lonse lowola limakokolodwa, malowo amasiyidwa kuti aume, kenaka thabwa latsopano limamatidwa ndi kukutidwa. Pulayi yeniyeni ya maboti ndi yosowa ndiponso yodula kuno, ndipo alipo amisiri omwe amalipiritsa mtengo wa imeneyo koma n'kukagula pulayi wamba ya kudenga m'sitolo ya zomangira. Mukafika pokonzetsa, kaguleni nokha thabwalo ndi mankhwala omatira, ndipo mukhalepo tsiku lomwe akutseka. Mukamagogoda khomalo, pitirizani kugogoda ndi kuponda pansi ponse pa boti, chifukwa nthiti zomwe zili kunsi kwa poponda zimawola mwa njira yomweyi.

Injini ndiyo imanyamula gawo lalikulu la mtengo, choncho bwerani ndi makaniko wanu, osati yemwe wogulitsa wakuitanirani. Muuzeni wogulitsayo kuti asailize inu musanafike, ndipo mukafika ikani dzanja pa injiniyo kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, pakuti injini yotopa imalira msanga ikakhala yotentha. Makaniko ayeze kompuleshoni (mphamvu yopanikiza mpweya) ya silinda iliyonse, ndipo chofunika kwambiri ndi chakuti manambalawo asasiyane kupitirira magawo 10 pa 100 alionse. Amasule sikuluwu ya pansi pa giyabokosi kuti oyilo adonthe pang'ono. Oyilo wotuwa ngati wosakaniza ndi madzi amatanthauza kuti masilo (timipira totchinga madzi) adatha, ndipo tizitsulo tokakamira pa sikuluwuyo timasonyeza kuti magiya akudyana. Chotsani pulopela ndi kuyang'ana kumbuyo kwake. Maboti olondera amadutsa pa maukonde usiku, ulusi umakulungika pa shafiti ndi kudula silo, ndipo imeneyi ndiyo njira yomwe madzi amalowera m'giyabokosi panyanja yathu. Injini ikalira, madzi oziziritsa azituluka mwamphamvu pa kabowo kake, chifukwa mchenga wa m'madoko umadya kampira kopopa madziwo.

Pa injini zamakono za four-stroke (zomwe oyilo wake sasakanizidwa ndi petulo), maola enieni omwe injini yagwira ntchito amasungidwa mu kompyuta yake, ndipo makaniko wokhala ndi chipangizo choyenera amatha kuwawerenga, kuphatikizapo maola omwe idathamangitsidwa kotheratu. Khulupirirani zimenezo kuposa wotchi yowerenga maola ya pa chiwongolero yomwe aliyense angathe kuisintha. Injini yochokera ku Durban kapena Cape Town idagwira ntchito m'madzi a mchere, choncho yang'anani mabawuti odyeka, utoto wotukumuka ndi njira za madzi zotsekeka. Ganiziraninso za zipangizo zosinthira. Za Yamaha zimapezeka mosavuta ndipo amakaniko a m'madoko ambiri amazidziwa, pomwe kampani yopanga Evinrude idasiya kupanga injinizi m'chaka cha 2020, kotero kutsika mtengo kwake kusakukopeni. Ngakhale pa mitundu yodziwikayo, m'misika muli mapulagi ndi masefa achinyengo oikidwa m'mabokosi ooneka ngati enieni, ndipo mtengo wotsika modabwitsa ndiwo umawaulula.

Zikatha izi, libwezereni m'madzi ndi kuliyesa litanyamula anthu ndi mafuta monga momwe lizidzagwirira ntchito. Musavomere kuyesa kwa m'bandakucha pokhapokha, madzi ali chete. Ngati ndi nyengo ya mwera, yomwe imakula pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mwapeza mwayi, ngakhale simuyenera kupita kutali ndi gombe pa boti lomwe simukulidziwa, ndipo aliyense avale jekete yoyandamitsa. Thamangitsani injini kotheratu kwa mphindi zingapo ndi kuona ngati ikufika pa liwiro lozungulira lolembedwa m'buku lake, lomwe pa injini zambiri limakhala pakati pa maulendo 4,500 ndi 6,000 pa mphindi. Khotetsani mbali zonse ziwiri, lowetsani giya yobwerera m'mbuyo, ndipo wina akhale kumbuyo akuyang'anabe khoma lija. Mukabwerera ndi kulitulutsira pamtunda, tsegulaninso kabowo ka madzi kuti muone omwe alowa paulendowo. Yezaninso mafuta omwe apita. Mwachiyerekezo, injini ya petulo yothamangitsidwa kotheratu imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola pa mahosipawa (muyeso wa mphamvu ya injini) atatu alionse, kutanthauza kuti ya mahosipawa 200 ingathe kumwa malita pafupifupi 70 pa ola, ndipo maboti ambiri olondera amakhala ndi injini ziwiri. Alipo ambiri omwe adagula boti lotere motchipa koma lili pamchenga chifukwa cha petulo.

Zotsalazo n'zachidule. Yatsani chilichonse chamagetsi, yang'anani mawaya olumikizidwa ndi tepi, nunkhizani fungo la petulo pafupi ndi thanki, ndipo muone matayala ndi mabering'i a ngolo. Zizindikiro za apolisi kapena za nthambi ya boma, nyali zabuluu ndi sayirini ziyenera kuchotsedwa boti lisanayambe ntchito yanu, ndipo wailesi yolumikizirana imafuna chilolezo cha MACRA.

Powerengera mtengo, gawani patatu: thupi la boti, injini, ndi ngolo pamodzi ndi zida zina. Funsani mtengo wa injini yatsopano ya mphamvu yomweyo kwa ogulitsa ovomerezeka ku Lilongwe kapena ku Blantyre sabata yomweyo, popeza mitengo imayenda ndi kwacha, ndipo muyambire pamenepo kutsika malinga ndi maola ndi zomwe makaniko wapeza. Chotsanipo ndalama zonse zokonzera zomwe amisiri akulemberani, za mayendedwe kukafika kudoko lanu, ndi za kusintha umwini. Injini yomwe simunaloledwe kuiliza, monga zimachitikira m'maokushoni ambiri, muiwerengere ngati zipangizo zosinthira basi. Mukagwirizana, lembani pangano lokhala ndi nambala ya boti, nambala ya injini iliyonse ndi mndandanda wa zida zomwe mwaziona, musainirane pamaso pa mboni, ndipo mulitenge botilo tsiku lomwelo, chifukwa mabatire, mapulopela ndi nangula zimakonda kusowa boti likagona padoko litagulidwa kale.