Momwe amayi angasonkhere limodzi n'kuthandiza bungwe la m'dera lawo

Amayi ambiri amapereka kale: pamaliro, kutchalitchi, kwa mwana wa mbale amene wasowa fizi. Koma ndalamayo imatuluka mobalalika, K2,000 apa, K5,000 apo, ndipo palibe amene angaloze chomwe yachita. Gulu lopereka limodzi limasonkhanitsa tindalama timeneti n'kupereka mtolo umodzi ku bungwe limodzi lomwe lafufuzidwa bwino.

Njirayi inatchuka ku America. Wendy Steele anayambitsa Impact 100 ku Cincinnati mu 2001: amayi 100, aliyense madola 1,000 pachaka. Mu 2006 Karen Dunigan wa ku Jackson, m'chigawo cha Michigan, anayambitsa 100 Women Who Care, komwe mayi aliyense amapereka madola 100 pamsonkhano wa ola limodzi, kanayi pachaka. Ndalamazo n'zakwawo, koma kayendetsedwe kake si kachilendo kwa amene anakhalapo m'banki mkhonde, m'Mvano, m'Chigwirizano kapena m'Dorika.

Anthu ndi zopereka

Yambani ndi amayi 25 mpaka 50. Mukachepa kwambiri ndalama siioneka, mukachuluka msonkhano umatha tsiku. Aliyense apereke mofanana ndipo akhale ndi voti imodzi. Mwachitsanzo amayi 40, aliyense K15,000 pa miyezi itatu iliyonse, ndi K600,000. Amene sangakwanitse yekha agawane mpando ndi mnzake, voti yawo ikhale imodzi. Musalole wina kupereka kuwirikiza kasanu, chifukwa mawa adzafuna kuti mawu ake awirikizenso kasanu.

Lembani malamulo musanalandire tambala iliyonse. Lamulo lalikulu ndi ili: ndalama imeneyi sikongozedwa, sigawidwa pakutha pa chaka, ndipo sipita kumaliro kapena kumatenda a mamembala. Zikumveka zouma mtima, koma magulu ambiri amagwera pomwepa. Mnzanu akaferedwa mwezi wachiwiri palibe amene angakane kutsegula thumba, ndipo likatseguka kamodzi silitsekekanso. Ngati gulu lanu labadwa kuchokera ku banki mkhonde, za mavuto zikhale m'thumba lake lakale, izi zikhale ndi buku lake.

Tsegulani akaunti ya gulu yokhala ndi osayinira atatu, ndipo ndalama ituluke pokhapokha awiri atasayina. Otumiza pa Airtel Money kapena Mpamba awonjezere okha ndalama yotapira, apo ayi msungichuma adzapezeka akusowa mazana angapo pa munthu aliyense. Musasunge ndalama nthawi yaitali. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ndi ndalama m'buku anagula zochepa kuposa zomwe analonjeza. Sonkhani m'masabata awiri msonkhano usanafike, yambani kupereka mwezi usanathe.

Kusankha bungwe

Membala aliyense akhoza kulemba dzina la bungwe papepala. Ikani mapepalawo m'chipewa, tolani atatu. Amene anatchula bungwelo alankhule mphindi zisanu, ayankhe mafunso mphindi zisanu. Ngati mwamuna wake, mbale wake kapena iye mwini ali m'komiti ya bungwelo, anene poyera ndipo asavote. Votani polemba papepala. Kukweza manja kumangotsatira dzanja la wapampando kapena la mayi busa. Bungwe lopambana lidikire chaka lisanalowenso m'chipewa.

Kukafufuza musanapereke

Apa ndiye pagona ntchito. Tumizani amayi atatu, osaphatikizapo amene anatchula bungwelo. Uzani bungwelo sabata yomwe mubwere, osati tsiku, ndipo mufike nthawi ya ntchito.

Funsani chikalata cha kaundula. Bungwe laling'ono la m'mudzi limalembetsa ku khonsolo kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Bungwe lalikulu lomwe si la boma liyenera kukhala m'kaundula wa NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe otere, yomwe inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022. Chikalata chokha sichikwanira, kotero dutsaninso kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, mumve ngati akulidziwa ndi ntchito kapena ndi chikwangwani chokha.

Onani buku la ndalama ndi malisiti a miyezi 6 yapitayo. Tolani zinthu zitatu m'bukumo mwachisawawa, mupemphe lisiti ya chilichonse. Akaunti ikhale m'dzina la bungwe, osati la mkulu wake. Kope lachikuto cholimba lolembedwa mwadongosolo n'lodalirika kuposa kompyuta yodzaza zithunzi za alendo.

Ngati ndi sukulu ya mkombaphala, werengani ana amene alipo mufananize ndi kaundula wa tsikulo. Lowani kukhitchini, onani ngati moto unasonkhedwa m'mawa, ufa wa phala watsala wochuluka bwanji, chimbudzi ndi madzi zili kuti. Mmodzi wa inu apatuke akacheze ndi alezi ndi makolo mkulu wa bungwe palibe. Chenjerani ngati mafunso onse akuyankha munthu mmodzi, ngati komiti ndi banja limodzi, kapena ngati bajeti yadzaza ndi ma-alawansi ndi misonkhano.

Pomaliza funsani kuti: «Tikakupatsani K600,000, mudzachita chiyani, anthu angati, pofika liti?» Yankho labwino limawerengeka: matumba akuti, ana akuti, miyezi yakuti. Musakane ndalama ya thiransipoti, nkhuni kapena yuniti pafoni. Phala siliphikika popanda nkhuni, ndipo bungwe lomwe mwaliletsa kulemba zimenezi limangozibisa pansi pa dzina lina.

Nthawi ndi kaperekedwe

Yang'anani kalendala ya chaka. Chimanga ndi soya wa phala gulani m'Meyi kapena m'Juni, anthu atangokolola, pamene mtengo uli pansi. Mukadikira Januwale, miyezi ya njala, ndalama yomweyo igula zochepa kwambiri. Mu bajetimo muikenso matumba a PICS (osungira mbewu, osalowa mpweya) kapena mankhwala a anankafumbwe. Fizi ndi yunifomu zifike Seputembala asanakwane, malata mvula isanayambe.

Lembani mgwirizano wa tsamba limodzi: ndalama, ntchito, tsiku la lipoti, osayinira awiri mbali iliyonse. Perekani magawo awiri, mwachitsanzo K360,000 poyamba ndi K240,000 akaonetsa malisiti. Ngati bungwe lilibe akaunti koma ntchito yake mwaiona ndi maso, pitani nawo kukagula katunduyo mulipire nokha kusitolo. Pakatha miyezi itatu abwere kumsonkhano wanu adzafotokoze kwa mphindi zisanu. Malisiti akasowa, gawo lachiwiri libwerere m'thumba la ulendo wotsatira, ndipo mlembi alembe chifukwa chake m'buku.

Popereka pakhale komiti yonse ya bungwelo ndi amfumu, kuti aliyense amve kuchuluka kwa ndalamayo. Musajambule ana amasiye kapena odwala n'kuwaika pa Facebook popanda chilolezo cha owasamalira. Ndipo khansala kapena phungu akapempha kudzakhala mlendo wolemekezeka, makamaka chisankho chikayandikira, yankhani mwaulemu kuti malamulo a gulu salola. Lamulo limenelo mulilembe tsiku loyamba lomwe, kuti wokana asaoneke ngati akudana ndi chipani.