Galu akamalira m'tulo musamugende, akulota

Funso loti chimamuchitikira galu n'chiyani akamalira m'tulo limabwera pafupifupi nthawi iliyonse tikakumana pa katemera wa agalu. Amafunsa ndi anyamata a uzimba, amafunsanso amayi amene galu wawo amagona pakhonde pafupi ndi chitseko. Galu wagona bwinobwino, maso ali chitsekere, kenaka wayamba kulira chapansipansi, milomo ikugwedera, miyendo ikupalasa ngati akuthamanga, mwina n'kuuwa kamodzi osatsegula pakamwa. Ena amati waona afiti. Ena amaopa kuti chayamba chiwewe, ndipo alipo amene amamugenda kapena kumuthira madzi kuti adzuke. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa galu wotereyu nthawi zambiri alibe vuto lililonse. Akulota.

Galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14 pa tsiku, pamene ana agalu amafika maola 18 kapena kupitirira. Tulo take sitikhala tofanana usiku wonse. Poyamba thupi limangoti zii, mpweya ukuyenda pang'onopang'ono. Pakatha mphindi ngati 20 amalowa gawo la tulo limene akatswiri amalitcha REM. Mukayang'anitsitsa pa nthawiyi mudzaona maso akuyendayenda kunsi kwa zikope, ndipo kupuma kumasintha, pena kufulumira pena kuchedwa. Gawo limeneli analitulukira mwa anthu mu 1953 pa yunivesite ya Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman, ndipo anapeza kuti munthu akadzutsidwa pa nthawiyi kawirikawiri amanena kuti amalota.

Nanga nyama zimalota chiyani? Mu 2001, Matthew Wilson ndi Kenway Louie a ku yunivesite ya MIT, ku America, anaphunzitsa makoswe kuthamanga m'kanjira kofunafuna chakudya, uku akujambula mmene ubongo wawo ukugwirira ntchito. Makoswewo atagona, ubongo unkabwereza ndondomeko yomwe ija ya masana, moti ofufuzawo ankatha kudziwa kuti khosweyo m'maloto ake ali pati m'kanjirako. Ngati khoswe amabwereza za masana, kuli bwanji galu? Kalulu amene anamuthawa kumunda, mlendo amene anamuuwa pageti, mnzake amene analimbirana naye fupa, zonsezo zimabwerera usiku.

Chimene chimaletsa galu wolota kudzuka n'kuyamba kuthamanga ndi kachigawo ka m'munsi mwa ubongo kotchedwa pons, kamene kamamanga minofu nthawi ya maloto. Michel Jouvet wa ku Lyon, ku France, anaonetsa zimenezi pa amphaka m'zaka za m'ma 1960: kachigawoka katawonongeka, mphaka ankadzuka ali m'tulo n'kumachita ngati akuwenderera mbewa. Mwa galu wabwinobwino chingwe chimenechi chimagwira, koma osati kotheratu, ndiye kulira pang'ono ndi kupalasa miyendo kumene mumaonako. Ana agalu ndi agalu okalamba ndiwo amachita kwambiri, poti mwa mwana kachigawoka sikanakhwime ndipo mwa nkhalamba kayamba kufooka.

Tsono chochita n'chiyani? Musiyeni. Maloto a galu sachedwa, pakangopita kanthawi amausa moyo, kutembenuka, n'kupitiriza tulo. Ngati mtima wanu sukukhazikika, imani chapatali mumuitane dzina lake ndi mawu ofatsa, kapena muombe m'manja pang'ono. Galu wolota amadzuka, kukuyang'anani, mwina kugwedeza mchira, ndipo pomwepo mwadziwa kuti ali bwino. Dzanja lokha ayi. Galu wodzidzimutsidwa pakati pa maloto amatha kuluma asanazindikire kuti ndinu mbuye wake, ngakhale akhale wofatsa chotani. Apa ndichonderere makolo: ana ndiwo amamva chisoni msanga, amathamanga kukamusisita galu pamutu, nkhope ili pafupi ndi mano. Auzeni lero kuti galu wogona sagwidwa.

Zikachitika kuti wina walumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukadziwitse alangizi a ziweto. Kuno kwathu chiwewe chilipo, ndipo munthu zizindikiro zikayamba kuoneka sachira. Galuyo musamuphe mothamanga. Mumangeni pamalo otetezeka kuti a zaziweto amuyang'anire kwa masiku 10, ndipo muwaonetse khadi lake la katemera.

Chiwewe sichimaonekera m'tulo mokha ayi. Galu wachiwewe amasintha ali maso: wofatsa amalusa, wolusa amazizira modabwitsa, amaluma mitengo ndi miyala, mawu ouwa amasintha, dovu limachucha chifukwa akulephera kumeza, kenaka miyendo imafa. Galu amene walira usiku, m'mawa n'kudzuka kudya nsima yake ndi kukulonjerani monga mwa masiku onse, si ameneyo.

Chimene anthu amasokoneza kwambiri ndi maloto ndi khunyu, ndipo apa pakufunika diso. Galu wolota thupi lake limakhala lofewa, miyendo imangogwedera pang'onopang'ono. Wogwa khunyu amauma gwa, miyendo imakankha mwamphamvu, nsagwada zimatafuna, thovu limatuluka, ndipo kawirikawiri amadzikodzera kapena kudziipitsira. Mukamuitana samva. Zikatha amadzuka wosokonezeka, akudzandira, mwina osakuzindikirani kwa kanthawi. Zikatero chotsani zinthu zimene angadzipweteke nazo, makamaka mbaula ndi moto wa pamafuwa, musalowetse dzanja kapena supuni m'kamwa mwake, ndipo muyang'ane nthawi. Kugwa kopitirira mphindi 5, kapena kobwereza tsiku lomwelo, n'kofunika dokotala wa ziweto msangamsanga.

Galu amene sanagwepo chiyambire n'kuyamba mwadzidzidzi kunjenjemera, kuchucha dovu, kusanza ndi kutsegula m'mimba, ganizirani za poizoni. Tameki amene anthu amathira pofuna kupha makoswe wapha agalu ambiri, ndipo mankhwala a m'dimba ndi dibi wosungunula molakwika amachitanso chimodzimodzi. Pitani nalo botolo kapena pepala la mankhwalawo kwa dokotala ngati mwalipeza.

Palinso matenda a distemper, amene amagwira kwambiri ana agalu osabayitsa. Amayamba ndi manthongo, mamina ndi chifuwa, ndipo pambuyo pake mnofu umodzi, kaya wa mwendo kaya wa kumutu, umayamba kudumphadumpha mosalekeza ngati kugunda kwa mtima. Kusiyana kwake ndi maloto n'kwakuti kudumphaku sikusiya, galu akhale maso kapena m'tulo. Katemera wake alipo, ndipo ndi wosiyana ndi wa chiwewe. Ambiri amaganiza kuti jekeseni imodzi ija ya pa kampeni yatseka matenda onse, pamene yatseka chiwewe chokha.

Kulira kwina n'kwa ululu kapena kuzizidwa. Galu wokalamba amene amabuula pogona pansi ndi podzuka, n'kumasinthasintha malo usiku wonse, mafupa akumuwawa. Musamupatse Brufen kapena Panado wa m'nyumba. Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo Panado woposa muyezo amawononga chiwindi. Ana agalu a masabata awiri kapena atatu satha kudzifunditsa okha, ndiye akamalira osaleka mu June ndi July, fufuzani kaye ngati akuyamwa ndiponso ngati mphepo sikuwawomba.

Pogona pabwino pamachotsa kulira kochuluka. Saka louma kapena bulangete lakale pakona posafika mphepo n'zokwanira, bola muzilichapa ndi kuliyanika padzuwa sabata iliyonse chifukwa cha utitiri. Galu wogona padothi lonunkha mkodzo ndiye amatola mphutsi za pakhungu zija, ndipo wodzala nkhupakupa m'makutu sangagone tulo tabwino. Akagona phee, osati pamene akulota, werengani kupuma kwake: galu wathanzi sapitirira ka 30 pa mphindi, ndipo akamapitirira masiku otsatizana mtima kapena mapapo afunika kupimidwa.

Ngati mukukayikabe kuti ndi maloto kapena matenda, tengani foni mumujambule vidiyo zikuchitika, mulembe tsiku, nthawi ndi utali wake, komanso zimene anadya tsikulo. Galu akafika kwa dokotala amakhala ali maso ndipo zonse zatha, choncho vidiyoyo ndi imene dokotala adzaonere kuti adziwe poyambira.