Mukufuna nyumba ku UK? Yang'anani kaye zimene mumauza HMRC

Ndimathandiza abale athu kuno ku England kulemba mafomu a msonkho, makamaka odzilemba okha ntchito: oyendetsa takisi, operekera katundu, oyeretsa m'nyumba za anthu. Aliyense amabwera ndi pempho limodzi, lakuti msonkho uchepe. Ndiye ndimayamba ndafunsa kuti, kodi muli ndi maganizo ogula nyumba m'zaka ziwiri zikubwerazi?

Mukamafuna ngongole ya nyumba, banki siyang'ana ndalama zonse zimene zadutsa m'manja mwanu. Imayang'ana phindu limene munalembetsa ku HMRC, bungwe lotolera msonkho kuno ku UK, mutachotsa mafuta, inshuwalansi, foni ndi zina zotero. Umboni wake ndi mapepala awiri, SA302 (yosonyeza ndalama zimene munapeza ndi mmene msonkho wanu unawerengedwera) ndi tax year overview (yosonyeza msonkho wa chaka chimenecho ndi zimene mwalipira), ndipo mabanki ambiri amafuna a zaka ziwiri. Ngongole imene amapereka nthawi zambiri imakhala phindu la pachaka kuchulukitsa ka 4 kapena 4.5.

Tiyerekeze kuti phindu lanu ndi £35,000. Banki ikhoza kukubwerekani pafupifupi £157,500. Koma chaka chomwecho mwagula vani ya £10,000, akauntanti n'kuchotsa mtengo wonsewo kamodzi, zomwe lamulo limalola. Phindu latsikira pa £25,000. Mwapulumutsa pafupifupi £2,600, poti msonkho ndi 20 peresenti ndipo National Insurance, ndalama ina imene mumapereka ku boma, ndi 6 peresenti. Koma banki ikawerengera chaka chimenechi, ngongole yagwera pa £112,500. Kunena zoona, malonda amenewo ine sindingachite. Ndipo mabanki ambiri, akaona kuti phindu latsika, satenganso pakatikati pa zaka ziwirizo, amangotenga chaka chotsikacho.

Chochita n'chiyani? Uzani akauntanti wanu za nyumbayo chaka cha msonkho chisanathe pa 5 April. Ngati vani yakale ikuyendabe, ipirireni mpaka makiyi a nyumba atalowa m'thumba. Ngati vani yatsopanoyo munagula kale, m'funseni za capital allowances, chifukwa simukakamizidwa kuchotsa mtengo wonse chaka chimodzi, mukhoza kumachotsa pang'onopang'ono.

Ndalama za pamanja zimene simulembetsa, kubanki kulibe, ngakhale zitachuluka bwanji. Komanso kusazilembetsa ndi mlandu. Kukokomeza phindu kuti ngongole ikule nakonso ndi chinyengo, musayerekeze.

Amene muli ndi kampani yanuyanu, vuto n'lomweli koma lavala malaya ena. Ambiri mumadzilipira £12,570 yokha, kuonjezera dividend (gawo lanu la phindu la kampani) pang'ono, zotsalazo n'kusiya m'kampani. Mabanki ambiri amawerengera zimene mwatapazo basi. Alipo ochepa amene amaganizirako phindu lotsala m'kampani, ndipo broker (wothandiza anthu kupeza ngongole ya nyumba) wozolowera anthu odzilemba okha ntchito amawadziwa.

Musadikire 31 January kuti mutumize fomu ya msonkho. Ngati chaka chathachi chinayenda bwino, tumizani mu April kapena May, kuti banki iwerengere phindu latsopanolo. Tsiku lolipira msonkho silisuntha ayi, limakhalabe 31 January.