Foni isakuthereni moto pamsika: momwe mungagwiritsire ntchito zida za maginito

Alamu anga amagulitsa kachewere. Tsiku la msika amadzuka tambala woyamba asanalire, kukakumana ndi alimi cha ku Tsangano, kenako kukweza matumba mpaka pa Lizulu, ndipo kunyumba amafika dzuwa litalowa kale. Ntchito yonseyo yagona pa foni. Wa galimoto amamupeza pa foni, ndalama zimalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo wooda wa ku Lilongwe amafuna kaye chithunzi cha katundu pa WhatsApp asanatumize ndi kobiri lomwe. Foni ikazima masana, ndiye kuti malonda a tsikulo athera pompo.

Tsiku lina anafika kwathu akumwetulira, m'manja muli kapawabanki kaphanthiphanthi kofanana ndi sopo wosambira amene watsala pang'ono kutha. "Alamu, taonani ichi. Akuti ungomata kumsana kwa foni basi, moto n'kumalowa wopanda chingwe." Tinamata. Kanagwera pamphasa. Tinakagwirizitsa ndi dzanja kwa kanthawi, foni ili zii. Kachidako kanalibe vuto lililonse, koma foni yawoyo sinapangidwe kuti izilandira moto mwa njira imeneyo, ndipo wogulitsa uja sanavutike n'kufunsa.

Ndiye musanatulutse ndalama, tsatani njira iyi.

Yambani n'kudziwa foni yanu

Pa zida zimenezi pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. China ndi maginito, ntchito yake ndi kugwira basi. China ndi kawaya kopiringizika kamene kamakhala mkati, kumsana kwa foni, kamene kamalandira moto popanda chingwe. Maginito sawonjezera moto ngakhale pang'ono. Amangokokera pawabanki pamalo oyenera kuti kawaya ka m'foni kayang'anizane ndi ka m'pawabanki, chifukwa zikaphonyana moto wambiri umangosanduka kutentha.

Kampani ya Apple ndi imene inatchukitsa zimenezi mu 2020, pamene inaika mphete ya maginito mu iPhone 12 n'kuitcha MagSafe. Mu 2023 bungwe la Wireless Power Consortium linalengeza muyezo wa Qi2, wotengera nzeru yomweyo, kuti makampani enanso azitha kupanga zida zogwirizana, ndipo poyamba unkapereka moto wofika 15W (W ndi muyezo wa mphamvu ya moto wotchajira). Mafoni a Android okhala ndi maginito mkati akadali owerengeka. Pixel 10 ya Google ali nawo. Galaxy S25 ya Samsung imalandira moto popanda chingwe koma maginito ake amachokera pa kava yapadera, ndipo ma Infinix Note 40 nawonso amadalira kava yotero.

Nanga mafoni amene ali m'matumba mwa ambiri a ife pa Dedza boma, pa Linthipe kapena pa Kampepuza? Ma itel, ma Tecno otsika mtengo ndi ma Samsung a gulu la A ambiri alibe kawaya kolandirira moto kaja. Lembani dzina lonse la foni yanu pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti wireless charging, kapena chophweka kwambiri, pitani nayo foniyo kushopu muuze wogulitsa kuti ayese inu mukuona. Akayamba zoti paketi sitsegulidwa, tsanzikani.

Mukatero mwadziwa gulu lanu. Ngati foni ili ndi zonse ziwiri, mungogula pawabanki. Ngati imalandira moto wopanda chingwe koma ilibe maginito, mufunika kava ya maginito kapena mphete yomata. Ngati ilibe zonse, musataye mtima, nkhani yanu ili kumunsiku.

Werengerani moto, osati zolembedwa pa paketi

Apa ndi pamene ndimafuna anthu amvetse bwino, chifukwa madandaulo ambiri akuti "andigulitsa feki" amachokera pa masamu.

Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi batire la 5,000 mAh (mAh ndi muyezo wa kuchuluka kwa moto umene batire limasunga). Munthu akaona pawabanki yolembedwa 5,000 mAh amaganiza kuti idzaza foni kamodzi ndendende, ndipo ya 10,000 mAh idzaza kawiri. Sizitero. Posamutsa moto kuchoka mu batire lina kupita mu linzake, wina umatayika m'njira, ngati madzi a m'ndowa yodontha pochokera kumjigo. Pa chingwe umatayika wochepa. Popanda chingwe umatayika wochuluka, ndipo mumaumva ndi dzanja lanu, chifukwa kutentha kwa kumsana kwa foni kuja ndi moto umene mwaulipira koma sunalowe mu batire.

Choncho kapawabanki ka maginito ka 5,000 mAh, kaja kopepuka kokongola, n'kongowonjezera maola a madzulo. Kakakufikitsani cha pa theka la batire lalikulu kapena kupitirira pang'ono, kayamikeni. Ya 10,000 mAh ingadzaze foni yotero pafupifupi kamodzi popanda chingwe, ndipo pa chingwe imatsalako ndi wina woyambira ulendo wachiwiri. Munthu wochoka m'bandakucha n'kubwera usiku, ndikuona kuti ya 10,000 mAh ndiye yomuyenera, ngakhale imalemera ndipo foni imakhala ngati njerwa m'thumba la shati.

Onaninso liwiro. Pawabanki yovomerezeka ya Qi2 imakhala ndi chizindikiro cha Qi2 pa paketi. Zambiri zongolembedwa kuti ndi za maginito zimagwira bwinobwino kumsana kwa iPhone koma zimapereka 7.5W yokha, theka la liwiro lija. Ndipo chinthu chimene sindingagonje nacho: isankheni yokhala ndi kabowo ka USB-C kotulutsa moto, kuti tsiku limene mwathinidwa muzitha kulumikiza chingwe. Mukaona kanthu kakang'ono kopepuka ngati bokosi la machesi kolembedwa 50,000 mAh, kabwezeni pashelefu. Batire lalikulu limalemera, palibe matsenga.

Kumata mphete

Ngati mwagula kava yokhala kale ndi maginito, ingovekani foni, mwamaliza. Mphete yomata ndi imene imafuna kudekha.

Matani pa kava, osati pa foni penipeni, kuti mukalakwitsa mutaye kava yokha. Kavayo ikhale yopyapyala ndi yosalala kumsana. Zija zonenepa za mphira, kapena zopinda ngati kabuku zokhala ndi mosungira makadi, zimatalikitsa foni ndi pawabanki mpaka moto sudutsa bwino.

Pezani kaye pamene pali kawaya kolandirira moto. Nthawi zambiri kamakhala chapakati pa msana wa foni, koma musaganizire. Gonekani pawabanki pathebulo, ikani foni pamwamba, muziisuntha pang'onopang'ono mpaka iwonetse kuti yayamba kutchaja, ndipo lembani pakati pa malowo ndi pensulo. Pukutani kava ndi kansalu konyowetsa sipiliti kuti mafuta a m'manja achoke, dikirani iume, kenako matani mphete n'kuikanikiza mwamphamvu ndi chala chachikulu kuzungulira konse. Isiyeni igone usiku umodzi musanaikolekere kanthu kolemera. Ambiri amathamangira kuyesa pompopompo guluu asanagwire, mawa lake mphete n'kutsalira pa pawabanki.

Chenjezo limodzi lalikulu: ikhale mphete yoboola pakati, yopangidwira ntchito imeneyi. Tija tizitsulo tathyathyathya timene timabwera ndi zogwirira foni za m'galimoto timatchinga moto, ndipo timatentha koopsa tikakhala pakati pa foni ndi tchaja. Chimodzimodzinso ndalama yachitsulo kapena kiyi imene mwaibisa mkati mwa kava. Khadi la ku banki nalonso lichotsenimo, chifukwa kamzere kakuda ka kumbuyo kwake sikagwirizana ndi maginito.

Tsiku la ulendo

Usiku dzazani zonse ziwiri, foni ndi pawabanki. Ngati magetsi azima, amatha kubwera pakati pa usiku, choncho ndibwino kusiya zonse zili zolumikiza musanagone. Amene mumadalira sola ya panyumba, tchajani pawabanki masana a dzulo lake dzuwa lili pamutu.

Musadikire foni ifike pa 2% kuti muimate. Ikatsika cha pa 30 kapena 40, matani, ndipo ikafika cha pa 80 chotsani. Chakumapeto kuja batire limalandira moto mochedwa, pawabanki n'kumangotentha pachabe. Nthawi yabwino yomata ndi pamene foni ikupuma, monga mukudya chipisi pachiwaya kapena muli mu minibasi. Kuonera mavidiyo uku ikutchaja popanda chingwe kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Nyengo yathu ino nayo ili ndi mbali yake. Mu June ndi July, m'mawa wa pa Dedza kapena pa Bembeke kuzizira kumafika m'mafupa, ndipo batire lozizidwa limaonetsa ngati latha msanga pamene moto ulimo. Ikani foni m'thumba la mkati mwa jekete, pafupi ndi thupi. Koma mukatsika Khwekhwerere mu October kupita ku Golomoti kapena ku Mtakataka, mdani ndi kutentha. Apple imalangiza kugwiritsa ntchito mafoni ake pamalo osapitirira madigiri 35, ndipo batire la mtundu uliwonse limakalamba msanga likamaphikidwa. Kumeneko siyani za maginito, tchajani ndi chingwe pamthunzi. Pa dashibodi ya galimoto yoimika padzuwa musasiyepo foni kapena pawabanki.

Pali chinanso chimene alendo sachidziwa. Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire ndi Mozambique, moti pa Lizulu kungodumpha msewu ndiye kuti mwaponda dziko la eni. Foni imene yasiyidwa kuti izidzisankhira netiweki imatha kumalimbana ndi nsanja za mbali zonse ziwiri, ndipo kufunafuna kumeneko kumadya batire. Lowani m'masetingi, musankhe nokha netiweki yanu. Mukalowa kumidzi ya kuseri kwa mapiri kumene mukudziwa kuti netiweki kulibiretu, tsekani foni pa kachizindikiro ka ndege kaja mpaka mutatulukako. Chepetsani kuwala kwa sikirini, ndipo letsani WhatsApp kumangokopera yokha mavidiyo onse a m'magulu a mpingo ndi a kumudzi. Bandulo nayo ikuthokozani.

Akabaza, imvani izi

Chogwirira foni cha maginito chimachita bwino m'galimoto pamsewu wa tala. Pa chiwongolero cha njinga yamoto, m'misewu yathu yafumbi yokumbikakumbika, bampu imodzi yokha foni yauluka. Maginito amalimba powakoka molunjika, koma powakankha cham'mbali amatsetsereka. Komanso mu 2021 Apple inachenjeza kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto kungawononge kamera ya foni. Foni ikhale m'thumba la zipi pamodzi ndi pawabanki yake. Mukafunadi kuti izioneka, gulani chogwirira chopana ndi mano mbali zonse.

Za zingwe za kamutu ka maginito, zija kamutu kamatsalira m'kabowo ka foni chingwe n'kumangodumphira chokha, ndili nazo pakatikati. Zimateteza kabowo kuti kasakhwepe ndi kuzulazula, ndipo usiku magetsi atazima simufufuza ndi tochi. Koma zambiri zimatchaja pang'onopang'ono, ndipo kamutuko kamatola tizitsulo tonse ta m'fumbi. Owotcherera mageti ndi amakaniko, kwa inu ayi. Enanu muzikapukuta ndi kansalu kouma tsiku lililonse musanalumikize.

Ngati m'banja mwanu muli munthu amene anamuika kachipangizo kothandiza mtima kugunda, foni ya maginito ndi pawabanki yake zisakhale m'thumba la pachifuwa pake. Apple imalangiza kuti zitalikirane naye kupitirira masentimita 15, ndipo zikamatchaja popanda chingwe, masentimita 30. Pawabanki iliyonse imene yayamba kutupa, kununkha kapena kutentha isakugwira ntchito, isiyeni kutali ndi denga la udzu ndi ana, ndipo musaiboole kapena kuiponya pamoto wa zinyalala.

Amene foni yanu ilibe zonse ziwiri

Tibwerere kwa alamu aja. Pamsika pamapezeka tizikopa topyapyala tolowetsa m'kabowo kotchajira n'kubisa m'kava, akuti kuti foni wamba izilandira moto wopanda chingwe. Ndinawaletsa. N'tochedwa, timatentha, ndipo timatseka kabowo kamene mukufuna.

Tinachita zina. Kapawabanki kawo kanali ndi kabowo ka USB-C, ndiye tinamata mphete pa kava ya foni, chakumunsi pang'ono kuti kamera isatchingike, popeza pa foni yotero palibe kawaya koti mulondole. Tinagula kachingwe kafupi kwambiri, kotalika ngati chikhatho. Tsopano maginito amagwira pawabanki kumsana kwa foni, kachingwe n'kumapititsa moto, ndipo umalowa wochuluka komanso mwachangu kuposa momwe ukanalowera popanda chingwe. Dzanja limodzi limagwira zonse, linalo likuwerenga matumba.

Kachingweko kanasowa kawiri sabata yoyamba, kachiwiri kanapezeka m'thumba la kachewere limene linali litatsala pang'ono kukwera lole ya ku Blantyre. Pano anakamangirira ku pawabanki ndi mphira ya chubu cha njinga.