Dzina lanu pa Google: momwe mungachepetsere zomwe anthu osawadziwa akuona kuchokera pa LinkedIn

Mlamu wanga amagwira ntchito yowerengera ndalama ku Lilongwe. Loweruka lina anafika kunyumba foni ili m'manja, ndipo asanakhale n'komwe pampando anayamba: "Alamu, anthuwa andidziwa bwanji?" Anali ataimbiridwa ndi bambo wina wa Chingerezi chosalala amene anatchula mayina ake onse atatu, kumene akugwira ntchito, chaka chimene anamaliza ku koleji, mpaka boma la kwawo. Bamboyo anati dzina lake lasankhidwa pa ntchito ya kubungwe lina lalikulu, chatsala n'kutumiza pafoni ndalama yokayezetsera kuchipatala. Sanatumize, koma mtima unali m'mwamba poganiza kuti wina wa mu ofesi mwawo ndiye wamugulitsa.

Tinakhala pansi n'kulemba dzina lake pa Google. Pamwamba penipeni panabwera tsamba lake la LinkedIn, malo a pa intaneti amene anthu amaikapo mbiri ya ntchito zawo, chithunzi chili mbee, ntchito zonse zitandandalikidwa. Kutsika pang'ono tinapeza CV yake yonse, imene anaiika yekha zaka ziwiri zapitazo akusaka ntchito: nambala ya foni, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, ndi manambala a mabwana atatu omuchitira umboni. Palibe anamugulitsa. Zonse zinali pa mtetete, ndipo anazinyamula ndi makina.

Makinawo ndi mapulogalamu amene akatswiri amawatchula kuti crawler kapena spider, kutanthauza kangaude, chifukwa amayenda pa malinki monga kangaude ayendera ulusi wake. Wa Google dzina lake ndi Googlebot, wa Bing ndi Bingbot. Usana ndi usiku amatsegula masamba, kukopera zolembedwamo, n'kuziika mu kaundula wamkulu. Inu mukasaka dzina la munthu, Google siyendanso intaneti yonse nthawi yomweyo, imangotsegula kaundulayo. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa ndi imene imachititsa kuti chinthu chomwe mwafufuta lero chizionekabe mawa ndi mkuja.

LinkedIn, imene inayamba mu 2003 n'kugulidwa ndi Microsoft mu 2016, imapangira membala aliyense tsamba lachiwiri lotchedwa public profile. Ili ndi limene munthu wopanda akaunti amaliona, ndipo ndi limene akangaude aja amawerenga. Cholinga chake si choipa, n'choti olemba ntchito akupezeni. Koma walira mvula walira matope: khomo lomwe alowera wolemba ntchito ndi lomwenso alowera kamberembere. Ine sindikunena kuti mutseke akaunti. Ndikunena kuti musankhe nokha zoti zikhale panja.

Choyamba, dzisakeni nokha ngati mlendo

Musayambe ndi kusintha kalikonse. Tsegulani Chrome, dinani timadontho titatu pakona n'kusankha "New Incognito tab", kuti muone zomwe munthu wosakudziwani amaona. Lembani dzina lanu lonse mkati mwa zizindikiro zogwira mawu, chonchi: "Dzina Lanu". Zizindikirozo zimauza Google kuti ifune mawuwo monga mwawalembera. Kenako onjezerani site:linkedin.com kutsogolo kwa dzinalo kuti muone za pa LinkedIn zokha. Yesaninso dzina lanu ndi filetype:pdf, apa ndi pomwe ma CV akale, mindandanda ya anthu opita ku misonkhano ndi malipoti a mabungwe zimatulukira. Pomaliza sakani nambala yanu ya foni, ina yoyamba ndi 0 ina ndi +265, ndiponso imelo yanu. Bwerezani zonsezi pa Bing.

Linki iliyonse imene yakudetsani nkhawa ikopereni n'kuisunga penapake. Muifuna kutsogoloku.

Chachiwiri, tsekani pa gwero

Anthu ambiri amathamangira kudandaula kwa Google, pomwe Google imangoonetsa zomwe yapeza. Mukasiya gwero lili lotsegula, kangaude abweranso n'kutolanso zomwezo.

Pa foni, tsegulani LinkedIn, dinani chithunzi chanu, pitani pa "Settings", kenako "Visibility", n'kusankha "Edit your public profile". Pa kompyuta njira yake ndi "Me", "Settings & Privacy", kenako "Visibility" yomweyo. Mupeza batani lalikulu lolembedwa "Your profile's public visibility". Mukalithimitsa, tsamba lanu silionekanso kwa anthu amene sanalowe mu LinkedIn, ndipo makina osakira amasiya kulionetsa pakapita nthawi.

Funso limene mlamu wanga anafunsa pomwepo ndi limene inunso mufunse: "Nanga ndikathimitsa, ntchito ndiipeza bwanji?" Olemba ntchito amene amagwiritsa ntchito LinkedIn amasaka ali mkati mwa LinkedIn momwemo, ndipo kumeneko mukhala mukuonekabe. Chomwe mwatseka ndi windo loyang'ana kumsewu basi. Kwa munthu wolembedwa ntchito, namwino, mphunzitsi, wa kubanki, maganizo anga ndi oti thimitsani, simutaya kanthu kenikeni.

Koma ngati muli pa bizinesi yanuyanu, ndinu loya, wojambula mapulani a nyumba, kapena mumadalira makontirakiti, kupezeka pa Google ndi chakudya chanu. Inuyo siyani batani lalikulu lili loyatsa, mutsike m'munsi momwe muli timabatani ta gawo lililonse. Dzina ndi dera lomwe muli zimaoneka ndithu, koma zina zonse mukhoza kusankha. Siyani "Headline", kamzere kokufotokozani pansi pa dzina lanu, ndi ntchito imene mukugwira pano. Thimitsani ntchito zakale ndi maphunziro, chifukwa mbiri ya sukulu ndi zaka zake ndi imene wakuba amagwiritsa ntchito kuti amveke ngati amakudziwani kalekale. Chithunzi nacho chili ndi zisankho zake, ndipo mukachichotsa pa "Public" n'kuchiika pa "Your network" kapena "All LinkedIn members", munthu wongodutsa pa Google sachionanso. Zithunzi za anthu ooneka mwaulemu, atavala jekete, ndi zimene achinyengo amakonda kuba n'kutsegulira maakaunti abodza.

Chachitatu, nambala, imelo ndi tsiku lobadwa

Mukadali pa "Visibility", pezani mzere wonena za amene angaone kapena kutenga imelo yanu, n'kuusiya pa inu nokha kapena pa anthu amene munalumikizana nawo mwachindunji. Pafupi pomwepo pali mizere iwiri yolola anthu kukupezani pogwiritsa ntchito imelo kapena nambala ya foni. Ichepetseni yonse iwiri. Kenako pitani pa tsamba lanu, tsegulani "Contact info", muone zomwe munalembamo. Adiresi ya kunyumba ichotseni. Tsiku lobadwa liikeni loti muzilionera nokha. Nambala ya foni ganizirani kawiri, chifukwa kwathu kuno nambala si yongoimbira, ndi yomweyo ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi yomweyo imene banki imatumizako timanambala totsimikizira.

Apa pali msampha umene anthu sauona. Zambiri mwa zinthu izi zimaonekera anthu amene munawavomera kukhala anzanu pa LinkedIn. Ngati mumangovomera aliyense wopempha kuti chiwerengero chikwere, ndiye kuti mwatseka chitseko n'kumagawa makiyi pamsika. Yang'anani mndandanda wa anzanuwo, amene simukuwadziwa ndipo tsamba lawo lilibe mutu weniweni achotseni.

Chachinayi, CV ndi zomwe munalemba kale

Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe timapwetekera kwambiri. CV ya Chimalawi timailemba ngati tikudzifotokoza kwa ankhoswe: tsiku lobadwa, mudzi, T/A, boma, mpingo, wokwatira kapena ayi, ena mpaka nambala ya chiphaso cha unzika. Pa pepala lopita mu envelopu kwa bwana mmodzi, zimenezi zinalibe vuto lalikulu. Pa intaneti ndi nkhani ina. Ndipo kumapeto kwake timaikako ma referee, mayina, maudindo ndi manambala awo. Anthu amenewo anavomera kutichitira umboni, sanavomere kuti manambala awo akhale pa Google.

Tsegulani gawo la "Featured" ndi la "Activity" pa tsamba lanu. Ngati munaikapo CV, ichotseni. Onaninso ndemanga zanu zakale, makamaka zija timalemba pansi pa zotsatsa ntchito, "interested" n'kuikapo imelo ndi nambala. Zotsatsa zina zoterezi cholinga chake n'kukolola manambala basi. Fufutani. Dziwaninso kuti chilichonse chomwe mwalemba mutasankha "Anyone" chikhoza kuonedwa ndi anthu a kunja kwa LinkedIn, pamodzi ndi makina osakira. Konzani CV ina yoika pa intaneti, ya luso ndi ntchito zokha, yokhala ndi imelo yapadera yosakira ntchito, ndipo ma referee muzipereka akakupemphani.

Ngati mukusaka ntchito ina mwakachetechete, pa "Open to work" sankhani kuti aone olemba ntchito okha, osati mamembala onse, apo ayi chithunzi chanu chivala mkombero wobiriwira uja bwana wanu n'kuuona. LinkedIn yokha imanena kuti imayesetsa kubisa izi kwa olemba ntchito a pakampani panu koma singatsimikize kotheratu.

Chachisanu, pemphani Google itsitse zakale

Mukamaliza kutseka, musadabwe mawa mukapeza tsamba lanu likuonekabe. LinkedIn imachenjeza kuti pangapite milungu ingapo, nthawi zina miyezi, makina osakira asanazindikire kusinthako. Mukhoza kufulumizitsa. Sakani "Refresh Outdated Content", lowani ndi akaunti yanu ya Google, n'kuikamo malinki aja munasunga. Chida chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha tsambalo litasinthadi kapena litachotsedwa, n'chifukwa chake tinayamba ndi gwero. Bing nayo ili ndi chake chotchedwa "Content Removal Tool".

Ngati zinthu zanu zili pa tsamba la anthu ena, njira ndi ziwiri. Lemberani eni tsambalo, mwaulemu koma momveka, kutchula linki ndi chomwe mukufuna chichotsedwe. Kwinaku pemphani Google mwachindunji: kuyambira mu April 2022 imalandira mapempho ochotsa zotsatira zoonetsa nambala ya foni, imelo kapena adiresi ya kunyumba ya munthu, kuwonjezera pa manambala a ziphaso ndi a kubanki. Dinani timadontho titatu pambali pa chotsatiracho, kapena sakani "Results about you". Google ikavomera, chinthucho chimachoka pa Google pokha, pa tsamba la eni ake chimakhalapobe.

Polembera eni tsamba, lamulo lili kumbali yanu. Dziko la Malawi lili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo oyang'anira ndi a MACRA. Abale athu a ku South Africa ali ndi lamulo lotchedwa POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, a ku Zambia ali ndi lamulo lawo la 2021, ndipo ku Britain kampani imayenera kuyankha pempho lofufuta pasanathe mwezi umodzi. Kutchula lamulo m'kalata kumachititsa kuti wolandira asaiponye pambali.

Akangaude osamva

Ndinene chilungamo: zonsezi zimagwira bwino pa akangaude aulemu. Masamba a pa intaneti amakhala ndi kafayilo kotchedwa robots.txt, kamene Martijn Koster anayambitsa mu 1994, kouza makina kuti uku lowani, uku ayi. Koma ndi chikwangwani chabe, si loko. Googlebot imachimvera, wakuba sachiwerenga n'komwe. Mu June 2021 munthu wina anatsatsa pa intaneti mbiri za anthu pafupifupi 700 miliyoni a pa LinkedIn, ndipo kampaniyo inati sanathyole makompyuta ake, zambiri anangozikolola pa masamba a anthu. Nawo makhothi a ku America anavutika ndi nkhani yotereyi pa mlandu umene unayamba mu 2017, wa LinkedIn ndi hiQ Labs, kampani imene inkakolola mbiri za anthu pa LinkedIn. Khothi la apilo linaona kuti kukopera zomwe zili poyera sikungatengedwe msanga ngati kuthyola kompyuta, ngakhale kuti mu 2022 hiQ inapezeka kuti inaphwanya mgwirizano wa ogwiritsa ntchito LinkedIn. Madzi akatayika saoleka, zomwe zinakololedwa kale simungazibweze zonse.

Chomwe mungachite n'kuchepetsa phindu lake kwa wakuba. Lowani pa haveibeenpwned.com, lembani imelo yanu, muone ngati inatulukapo m'zinthu zobedwa. Ikapezeka, sinthani pasiwedi ndipo pa LinkedIn yatsani chitetezo chotsimikizira kawiri polowa, "Two-step verification", pansi pa "Sign in & security". Mukapeza dzina lanu pa masamba ogulitsa manambala ndi maimelo a anthu apantchito, monga RocketReach kapena ZoomInfo, fufuzani mawu oti "opt out" kapena "remove" m'munsi mwa tsamba lawo n'kudzaza fomu. Ndipo mu "Settings" ya LinkedIn, pa "Data privacy" pali batani la "Data for Generative AI Improvement", limene anthu analitulukira mu September 2024 lili loyatsa kale. Ngati simukufuna kuti zolemba zanu ziphunzitse makina a AI, lithimitseni, podziwa kuti likhudza za kutsogolo zokha.

Chomaliza n'chachidule: pitani pa google.com/alerts, lembani dzina lanu m'zizindikiro zija, kuti Google izikutumizirani imelo dzinalo likatulukira pena patsopano.

Ine ndi mlamu wanga ntchito yonseyi inatitengera madzulo amodzi ndi bandulo yaing'ono. Patapita milungu ingapo tinasakanso, CV ija inali itachoka. Chomwe chinamuvuta kwambiri chinali kuimbira mabwana atatu aja, mmodzimmodzi, kuwapepesa ndi kuwachenjeza kuti wina akawaimbira m'dzina lake kupempha ndalama, adule foni n'kumufunsa iye kaye.