Abale a mu mphakati, pa maliro tisamangoyimba chabe

Ife akhristu kuno ku Chipata maliro timawadziwa bwino, kwaya imabwera, azimayi a chigwirizano kuphika nsima usiku wonse, koma tikangoika thupi m'manda aliyense kwawo, manje ndipamene achibale a mwamuna amayamba kunyamula mafiriji, matilesi mpaka mapoto, mayi wamasiye n'kutsala ndi ana pa simenti. Yakobo 1:27 akuti kupembedza koona ndi kuyang'anira amasiye pa chisautso chawo, ndiye ntchito imayamba tsiku limenelo.

Chitani izi. Maliro asanathe, anthu awiri atatu a mpingo akhale ndi mayiyo alembe katundu yense, nyumba, munda, njinga, ng'ombe ngati ziliko, mujambule ndi foni. NRC (chitupa) ya malemu, setifiketi ya ukwati ndi mapepala a nyumba zisungidwe kwa munthu wodalirika, osati m'chikwama chomwe aliyense atsegula.

Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 likuti ngati munthu sanasiye wilo, ana amatenga 50%, mkazi 20%, makolo 20%, odalira ena 10%. Nyumba ndi katundu wa m'nyumba ndi za mkazi ndi ana. Administrator, woyang'anira chuma cha malemu, amasankhidwa ku khoti, ndipo ntchito yake ndi kugawa, osati kudya.

Achibale akayamba kulanda muperekezeni mayiyo ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ozunzidwa ku polisi, musamutume yekha, munthu ali m'chisoni sangakangane ndi alamu ake. Abusa kapena a Father akapita nawo, ndaona achibale amachita manyazi msanga.